Mzere wa pa Sikirini ya Alamu

Lolemba, 3 Juni

Chiperoni kuyambira m'mawa. Alamu anga a Hudson afika kuchokera ku Joni. Emelda, mkazi wanga, wandituma kukawatenga pa siteji ya Thuchila. Makasitomala a kabaza ndawasiya ataima. Katundu wawo: chikwama, gemu ya mpira m'katoni, ndi sikirini ya kompyuta yomwe agula ku Limbe podutsa. TV yawo yaikulu akuti anaisiya komweko.

Sikiriniyo ndinaikulunga m'bulangete langa, n'kuimanga ndi mphira kumbuyo. Njira yonse ndayenda ngati ndanyamula mazira. Zikomo sanatuluke pakamwa pawo. Anathokoza ndi apongozi, nawonso ali m'khitchini.

Lachiwiri, 4 Juni

Alumikiza gemu ija kunyumba kwa apongozi. Anyamata thothotho. Ine ndinaima pakhomo.

Poyamba bwinobwino. Osewera atangoyamba kuthamanga, chithunzi chinang'ambika pakati. Mutu ndi chifuwa kutsogolo, miyendo kutsalira. Mzere wopingasa, kukwera, kutsika, kusowa, kubweranso. Golo nayo yoduka pawiri. Anyamata kuseka. A Hudson osaseka. Anatembenuka: "Alamu, mwaigwetsera pati?"

Pamaso pa ana. Ine wa ndevu zanga. Ndinayankha kuti sindinaigwetse, mawu anatuluka aang'ono ngati ndine wakuba. Zandiwawa.

Lachisanu, 7 Juni

Sikirini ija ndakhala ndikuiyang'anitsitsa. Akaimitsa gemu, mzere kulibe. Mpira ukayamba, uwo. Galasi losweka limachira? Mng'alu umayenda? Za makompyuta sindizidziwa, koma galasi la njinga ndinaswapo, ndipo linakhala losweka mpaka ndinalitaya.

Ndawauza a Hudson. Yankho lake: "Inu dziwani za matayala." Akuti ku Limbe anawayesera, inkaonetsa maluwa okongola opanda mzere. Nanga maluwa amathamanga?

Akuti china chake chinagwedezeka m'kati chifukwa cha mayendetsedwe anga. Apongozi ayamba kale kunena kuti ndimathamanga ngati wamisala. Iwo omwe aja ndimawanyamula ulere kupita kusikelo ya matenda a shuga.

Emelda: "Mungopepesa basi, bambo a Ireen. Ndi achimwene." Ndipepese chiyani?

Lamulungu, 9 Juni

Titachoka kutchalitchi, msonkhano pansi pa mpeyala. Mpeyala womwe ndinadzala ine. Chimwalirireni amalume awo, mwinimbumba ndi a Hudson, ngakhale zaka zonsezi anali kuwotcha nyama za azungu ku Joni. Ndiye odandaula iwo, oweruza iwo.

Nkhani inayamba sikirini, kenako inakula. Mbuzi inafa chaka chatha ija. Malire a munda. Akuti ndimayankha akuluakulu. Akuti mkamwini wavuta, wayiwala kuti pano anabwera. Anandipatsa ziwiri: ndivomere kuti ndinaigwetsa, kapena ndikapumeko kaye kwathu mpaka mitima itsike.

Ndinayang'ana Emelda. Iye anayang'ana chitenje chake.

Sindinavomere. Bodza lotere ukalivomera kamodzi, mawa ndiwe unapha mbuzi. Njerwa za nyumba yathu ija ndinaumba ndekha, malata ndinakhoma ndekha, koma ndatuluka ndi chikwama chimodzi ndi bulangete lomwe lija. Ireen anafunsa ngati ndimubweretsera mandasi.

Lachinayi, 13 Juni

Ku Milonde, kwa alongo anga. Ndikugona m'kachipinda ka matumba a nandolo, anankafumbwe akundiyenda m'khosi. Kuno nakonso minda ndi ya akazi. Kwa mkazi mlendo, kwathu mlendo. Mwamuna pake ndi pati, pa njinga?

Pa siteji anyamata a kabaza sandidziwa, ndimatola okhawo omwe iwo awakana. Agogo okhala ndi nkhuku. Mafuta okha osabweza.

Emelda wangofulasha kawiri. Ndaimba, akuti Ireen akutsokomola, akuti kukuzizira. Za sikirini ayi. Ndikumusowa mwanayo koopsa.

Lachiwiri, 25 Juni

Ha! Abale inu.

Ndanyamula Kondwelani, msuweni wa Emelda, pa Boma. Tili m'minda ya tiyi akuti, "Koma gemu ija pano ikutchena, aise." Ndinafunsa kuti agula sikirini ina? Ayi, yomwe ija. Akuti a Hudson analowa mu setingi n'kutsitsa manambala. Gemuyo inkatumizabe chithunzi cha TV yaikulu ya ku Joni ija, kasikirini aka osakwanitsa kulandira, ndiye n'kumang'amba. Atatsitsa, mzere zii.

Liti? Tsiku lotsatira nditachoka.

Ndinatsala pang'ono kulowa naye m'tiyi. Masabata onsewa ine ndikugona ndi anankafumbwe, iwo akukuwa zigoli. Ndinafunsa ngati Emelda akudziwa. Mnyamatayo sanazindikire n'komwe kulemera kwa zimene akunena: "Amabwera kudzaonera ndi Ireen."

Sindinamulipiritse.

Lachitatu, 26 Juni

Ndapita. Ndinasuzumira pawindo la apongozi. Chithunzi mbee, osewera amphumphu, mutu ndi miyendo kuthamangira pamodzi. Kukongola kwake kunandipsetsa mtima kuposa mzere uja.

Emelda ndinamupeza akusenda chinangwa. Sanadabwe. "Achimwene anati mutha kubwera, nkhani inatha." Inatha liti? Anandiuza ndani? Akuti ankadikira nthawi yabwino, sankafuna kuchititsa achimwene manyazi. Manyazi a achimwene. Anga aja anali a galu?

Anandithamangitsa masana, pansi pa mtengo, anthu ali khathikhathi. Ndiye ndibwerere mwakachetechete ngati nkhuku yolowa m'khola. Ayi ndithu.

Ndamuuza Emelda zanga ziwirinso. Aitanenso anthu pa mpeyala pomwe paja, alamu anene ndi pakamwa pawo kuti sindinagwetse kanthu. Zikakanika, tinyamuke iye, ine ndi Ireen, tikachite lendi pa Boma. Loweruka m'mawa ndibwera. Ndikapeze anthu pansi pa mtengo kapena chikwama pakhomo.

Mpeni unangopitiriza pa chinangwa. Ireen wawonda. Mandasi ndinaiwala.

Loweruka, 29 Juni

Ndinatsuka njinga. Pampando wakumbuyo ndinayala bulangete kuti Ireen asazizidwe. Mandasi m'thumba la jekete.

Pansi pa mpeyala mbuzi zokhazokha.

Ndinaliza hutala. Woyamba kutuluka anali a Hudson, sikirini atayikumbatira, nkhope yosekerera. "Alamu! Mwabwera nthawi yabwino. Ndapeza kachipinda pa Thuchila, ndikutsegula malo a magemu. Mundinyamulire iyi. Koma muziyenda pang'onopang'ono."

Pang'onopang'ono.

Anafika mpaka pogwira bulangete kuti aikulunge. Ndinawachotsa dzanja.

Kenako Emelda anatuluka, n'kuima pakhomo la nyumba yomwe ndinamanga. Wasamba, wavala duku latsopano la ku Joni. Ndinayang'ana m'manja mwake. Ndinayang'ana pansi pa mapazi ake, kuseri kwa chitseko. Chikwama kulibe. Ananyamula kapu ya tiyi, ati yanga.

Mandasi ndinamupatsa Ireen. Anafuna kukwera, amayi ake anamugwira paphewa.

Njinga ikakhala yopanda munthu kumbuyo imadumpha kwambiri pa mabampu. Mpaka ku Milonde.