Nyemba za Aphunzitsi Kalilu

Lolemba, 5 Juni 1961

Anthu asanu ndi atatu akulimbirana mpando umodzi. Aliyense amene ali ndi jekete pa Kota Kota pano akufuna akhale wapampando wa chipani, poti mphekesera ikuti ameneyo ndiye adzapite ku Zomba. Komiti yati ine Swaibu, poti ndine mlembi ndipo makina anga osokera sathawa, ndizungulire nthambi zonse ndi zitini zisanu ndi zitatu, ndimve mitima ya anthu chisankho cha pa 17 chisanafike. Opanda anthu adzione okha, asiye.

Chitini chilichonse ndachimanga kansanza ka mtundu wake. Munthu alowe kuseri kwa nsalu, aponye mbewu imodzi, basi. Nyemba zogawa tilibe, aliyense abwere ndi yake.

Enieni ndi awiri: a Ibrahimu a sitolo, eni khonde limene ndimasokerapo, ndi Stefano uja anamangidwa mu 59. Enawo ndi odzaza malo. Woseketsa kuposa onse ndi Aphunzitsi Kalilu a sukulu ya mishoni. Mdala ameneyu anandiimika pachulu tsiku lonse ndili Sitandade 2, sileti pakhosi, atalembapo kuti MBULI YA MASAMU. Papita zaka makumi awiri koma dzuwa lake ndimalimvabe paliwombo.

Lachinayi, 8 Juni

Kanyenda, kenako ku Bua. Matako atha ndi njinga. Ku Bua asodzi ali kalikiliki ndi mpasa, wina amafuna kuponya mamba a nsomba. Mayi wina wafunsa ngati ndimusiyire chitini chimodzi ndikamaliza. Akuponya chilichonse: chimanga, nzama, nandolo, khobwe, mtedza. Chitini cha Stefano chalemera mpaka chasiya kulira ukachigwedeza. Cha Aphunzitsi chikungolira ngati chisekese cha mwana. Ndaseka ndekha njira yonse.

Loweruka, 10 Juni

Ndawerengera m'sitolo, chitseko chotseka, a Ibrahimu ali pambali. Stefano 163, a Ibrahimu 120, Aphunzitsi 9. Enawo osanena.

A Ibrahimu anakanda ndevu nthawi yaitali. Kenako akuti, "Mdalayu akamva kuti ali ndi naini asiya, ndiye anthu a kumishoni onse athamangira kwa Stefano. Ine ndikufuna akhalebe, awagawe pakati. Wamva, Swaibu?"

Ndinali nditamva kale asanamalize. Ndinatapa manja atatu m'thumba la nyemba zofiira limene amagulitsa, khuthu m'chitini. Tsopano Aphunzitsi 214. Ndisanamizire munthu, sanandikakamize. Dzanja lachitatulo linali langalanga, la pachulu paja.

Lolemba, 12 Juni

Pepala la zotsatira ndalikhoma pamtengo wa mango kumsika. Mdala wabwera, wavala magalasi, wawerenga kawiri. Akuti, "Anthu saiwala amene anawatsegula maso." Ndinaluma lilime kuti ndisaphulike.

Msika wonse unamuunjirira. "Tili nanu, Aphunzitsi! Kumudzi kwathu tonse ndi inu!" Omwe aja anaponya kwa Stefano ine ndikumva kulira kwa chitini. Nanga kuno ndani angauze munthu wamkulu pamaso kuti sindikukufunani?

Mdala wapempha chitini chake kuti akachiike patebulo kunyumba. Ndamupatsa. Wafunanso ndimusokere jekete lopitira ku Zomba. Pomuyeza ndapeza kuti ndi mafupa okhaokha, munthu ndinkamuopa ngati mkango uja.

Lachitatu, 14 Juni

Zafika pena. Mkulu wa mishoni wamuuza mdala uja kuti asankhe, choko kapena ndale. Iye pomwepo walemba kalata yosiya ntchito. Kunatsala zaka ziwiri kuti apume ndi penshoni, ndipo nyumba ndi ya sukulu, atulukemo mwezi ukatha.

Ine ndimafuna achite manyazi tsiku limodzi ngati ine, basi. Koma anamutuma ndani kulemba kalata? Munthu wodziwa masamu!

Lachinayi, 15 Juni

Akazi a Aphunzitsi, mayi Malita, afika pakhonde ndi chitini chija m'nsalu. Sanapereke ndi moni womwe. Anakhuthula patebulo la makina, nayamba kusankha ndi chala chimodzi.

"A mlembi, ine sukulu sindinapite, koma nyemba ndasankha moyo wanga wonse. Munati aliyense abwere ndi mbewu yake. Anthu mazana awiri, a ku Kanyenda, a ku Bua, a pano, onsewo munda wawo ndi umodzi? Zofiira zokhazokha, msinkhu umodzi, anankafumbwe akenso amodzimodzi?"

Anakankhira pambali chimanga chitatu, nzama ziwiri, khobwe, nandolo, mtedza ndi kanyemba koyera. "Anthu athu ndi awa. Asanu ndi anayi."

Tinakhala amuna awiri m'sitolo muja, mmodzi wogulitsa nyemba, osaganiza zimenezi.

Akuti iwo anawauza kale amuna awo, koma mdalayo anayankha kuti mkazi za ndale sazidziwa. "Inu akumverani. Kalata ija ikadali padesiki kumishoni, lole ya makalata inyamuka mawa masana. Akapita kukapepesa m'mawa awabwezera. Kawauzeni, mwanangu. Ine sindiuza munthu."

Ndinakweza maso. A Ibrahimu anali pakhomo la sitolo, akupukuta sikelo imene inali yoyera kale. Khonde ndi lawo.

Ndinati, "Walahi mayi, ndinawerenga zimene ndinapeza."

Anatola zisanu ndi zinayi zija namanga pamsonga ya nsalu. Zofiirazo anandisiyira.

Lachisanu, 16 Juni

Lole yadutsa ine ndikusokerera mabatani a jekete. Kenako ndinapita kumzikiti.

Loweruka, 17 Juni

Pabwalo la mpira. Lamulo lake ndi lomwe lija: ofuna mpando aime atapenya kutchire, a makadi a chipani afole kumbuyo kwa amene amufuna, ndipo wocheuka mlembi asanawerenge wagwa. Atatu anali atasiya kale, anatsala asanu. Mdala anaima chilili m'jekete langa, manja kumbuyo ngati ali kutsogolo kwa kalasi.

Asanatembenuke, anthu ngati makumi anayi anali atamuzinga, kumugwira chanza. Atangopenya kutchire anayamba kuchoka mmodzimmodzi, akunyang'ama, ena atanyamula nsapato m'manja kuti asamve. Ngakhale naini aja, ataona mzere ukusungunuka, anatsatira anzawo. Onse kwa Stefano. Anyamata kumbali anagwa pansi ndi phwete. Inenso ndinaseka, ndisabise.

Stefano 301, a Ibrahimu 117. Nzeru za a Ibrahimu zija sizinagawe ndi munthu mmodzi yemwe.

Nditafika kwa Aphunzitsi ndinapeza mayi Malita okha, ataima pomwe pamayamba mzere. Mdala anamva mapazi anga. Osacheuka, akuti, "Ukuchedwa, Swaibu. Achuluka eti? Usathamange, werenga khumikhumi monga ndinakuphunzitsira."

Ndinafuula kuti mmodzi. Woyendetsa chisankho anafunsa khadi la mayiwo. Analibe. Anandilamula ndifuulenso, ndipo ndinafuula kuti palibe.

Apo ndi pamene anacheuka.

Lolemba, 19 Juni

A Ibrahimu sakundiyankhula, akuti ndinathira zambiri. Kumsika ana akuyenda manja kumbuyo nkumati "khumikhumi, khumikhumi." Nyemba zija mkazi wanga anaphika, koma ine nsima ndadyera usipa.

Lachisanu, 30 Juni

Aphunzitsi atuluka m'nyumba ya sukulu. Adutsa pano m'mawa ndi ngolo yobwereka, ulendo wa kwa achibale a mkazi ku Kanyenda. Pangolo bedi, mabuku, mtondo. Ndinawerama pamakina kuti asandione, koma mdala anaimitsa ng'ombe nakwera pakhonde, jekete lili padzanja.

"Ili ugulitse kwa wina, ndangolivala kamodzi." Analiika patebulo nalisalaza. "Ndamva akukunena kuti unalakwitsa kuwerenga. Usadandaule. Ndawauza onse kuti anthu ndi amene anatembenuka. Swaibu ndi mwana wanga, ndinamuwongola ndekha, masamu ake sindiwakayika."

Anandigwira paphewa. Zaka makumi awiri ndakhala ndikufuna kumva mawu amenewa pakamwa pake.

Mayi Malita sanatsike pangolo. Anangondiyang'ana mpaka anakhota pa msika.

Jekete likadali pomwe analiika. M'thumba lake muli kanthu kolimba ngati timbewu, komanga m'kansanza, ndakakhudza kunja kokha. Kuyambira m'mawa ulusi ukukana kulowa m'singano.