Kamtima Kakugunda Pachifuwa Panga

Bangwe, Blantyre

Okondedwa achemwali Anjelina,

Muli bwanji ku Nsanjeko? Alamu ndi ana akudzuka bwanji? Nanga mwendo wa mayi uja ukusintha? Ife kuno tiliko.

Munamva kale kuti mlamu wanu Jesinta anabereka mwana wamkazi masiku asanakwane. Pafoni ndimangoti zonse zili bwino, koma lero ndikuuzeni za ineyo.

Mwanayo ali m'chipinda cha ana odwala kwambiri, m'kabokosi kagalasi, timapaipi tili m'mphuno. Nditamuona koyamba, ndinayang'ana kumbali. Kadzanja kake sikaposa chala changa chachikulu.

Kuyambira pamenepo mutu wanga sunkayenda bwino. Chakudya chinkandikanika. Foni ikangolira, ndinkaganiza kuti ndi uthenga wa maliro. Kushopu ndinkangogwira sowo, thabwa osalidula. Anzathu akutchalitchi ankafunsa za mayi ndi mwana, ine n'kungondigwira paphewa, amvekere ndilimbe mtima poti ndine mwamuna. Ndinafika poopa kulowa m'wodimo. Ndinkangosiya chakudya cha Jesinta pakhomo pa wodi n'kubwerera.

Jesinta ndi amene anandizindikira. Lachiwiri ananditsatira panja, n'kundiuza kuti nayenso ali ndi mantha, koma kuopa yekhayekha kwamutopetsa, bola tiziopera limodzi. Anandigwira dzanja mpaka m'kati.

Anesi anati ndivule shati. Anagoneka mwanayo pachifuwa panga n'kutifunditsa chitenje, ati kutentha kwa bambo nakonso ndi mankhwala. Achemwali, ndinamva kamtima kake kakugunda pa ine! Ndinalira pamaso pa azimayi onse, ndipo palibe anandiseka.

Anesiwo anandipezeranso mlangizi woti ndizimuuza nkhawa zanga. Pano ndayamba kudya. Adokotala akuti mwana sanachoke pangozi, koma wayamba kunenepa.

Pempho langa ndi ili: bwerani. Musadzavutike ndi zophika, mudzangokhala nane pafupi. Inu munandibereka kumbuyo ndili mwana, pamaso panu sindichita manyazi.

Komanso mwanayu alibe dzina mpaka lero. Ndinkaopa kumutcha, kuti mwina angatisiye. Tsopano ndikufuna kuti ndikamunyamula ndizimuitana. Ine ndi Jesinta tagwirizana kuti dzinalo mudzapereke ndinu, azakhali ake.

Mundiperekere moni kwa mayi, alamu ndi ana onse. Mulungu akusungeni, akuyendetseni bwino panjira.

Ndine mchimwene wanu,
Laurenti