Kope lanu lija sindinaliwotche

Amayi, kaya mukudzuka bwanji kumene muliko? Ine kuno tulo tandithawa kuyambira Lamulungu, ndipo chifukwa chake ndi kope lanu lija. Ndiyambe ndi kuulula: sindinaliwotche. Munandigwira dzanja kuchipatala n'kundiuza kuti maliro akatha ndiliponye pamoto osalitsegula, ine n'kuvomera. Koma anthu atabalalika m'nyumba munangoti zii, ndiye ndinalephera. Ndinalikulunga mu jumbo n'kulisomeka kudenga la chigafa cha fodya.

Zina zili monga munazisiyira. Mvula inadula pakati koma mtedza wachitako bwino. Mkazi wa mwana wanu Yohane wachira, mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Ndangomuona pa foni poti ali ku Lilongwe. Bambo a Tadala akadali ku Joni, mwana wanga Tadalayo ali kusukulu ku Nkhamenya. Kolona ndimapemphera ndekha, kuyambitsa ine, kuyankhanso ine.

Alongo anu, amalume a Binwell, akhala akubwera kudzandithandiza kusoka fodya. Tsiku lina ndinawapeza pamthunzi akupichira chingambwe, pepala lake lili ndi malemba anu. Analipeza kalekale kopelo. Mukudziwa kuti sawerenga, iwo ankayesa ndi zakusukulu zanga zakale. Nditayamba kulira anadabwa, akuti akanadziwa akanandipempha, koma pepala lakale limakoka bwino kuposa nyuzi. Atsala masamba asanu ndi anayi okha. Enawo anapita ndi utsi.

Chachiwiri choti ndiulule n'chakuti otsalawo ndinawerenga. Amayi, ine ndinkakudziwani ngati woyambitsa nyimbo, nthawi ija lole inkabwera kudzatenga azimayi a ku Chulu kuno kukavinira akuluakulu kuboma. Sindinkadziwa kuti mukabwerako munkalemba ndakatulo. Ija ya njinga yotsamira pamtengo wa mango, matayala akuphwa, mwini wake osabwera, ndinaizindikira msanga. Ndi chaka chija anadzatenga bambo pa nkhani ya khadi la chipani. Koma simunatchule bambo, simunatchule chipani, ngakhale munthu amene anakawanenera. Njinga basi, ndi nazale yothirira munthu mmodzi. Ndinakumbuka mmene munkatidzudzulira tikakweza mawu: "Uziyankhula ngati kuseri kwa chitseko kwaima mlendo."

Ife tili ku sekondale zipani zinali zitachuluka, ndipo tinkalemba za ufulu ndi za matenda aja ankamaliza anthu, n'kumatumiza ku wailesi. A Tadala ndiye ndi ena. Amalakatula ataimirira, mnzawo akujambula pa foni, kutchula feteleza, kusowa kwa ntchito, wakuba kumuloza chala. Nthawi zina ndimachita kutseka zenera akayamba.

Tadala atabwera pa holide ndinamuonetsa masambawo, ngakhale ndinamuletsa kuwajambula. Anandifunsa za njinga ija, ine n'kumuuza zonse. Tsopano akuti Loweruka likudzali kuli tsiku la ndakatulo kusukulu kwawo, ndipo akufuna kukalakatula ya njingayo. Akufunanso ayambe wafotokoza amene anakanenera agogo ake, chifukwa anzake akangomva za njinga aziyesa ndi nkhani ya matayala. Akuti ndakatulo yobisa dzina inali ya nthawi ya mantha, ndipo mantha aja anatha.

Mwina akunena zoona. Koma mwana wa munthu anakanenera bambo uja ndiye akutsogolera mphakati wathu, ndipo ndi amene anayamba kulowa m'dzenje pokumba manda anu. Mdzukulu wa wonenerayo ali kalasi imodzi ndi Tadala. Ndikavomera, Lamulungu ndikamupatsa bwanji dzanja la mtendere mtsogoleri wathuyo? Ndikakana n'kuwotcha, ndiye kuti mawu amene munalemba mukuika moyo pachiswe athera m'manja mwanga, ndipo Tadala sadzandikhululukira.

Ndinakalapa kwa bambo mfumu. Anati lonjezo kwa womwalira si lopepuka, komabe ndidzifunse chimene chinakupangitsani kundilamula. Pamenepo ndi pomwe ndakanirira, Amayi. Kodi munkaopabe, mpaka pabedi paja? Kapena munali mutawakhululukira kale, n'chifukwa chake munafuna kuti zithere ndi inu? Zaka zonsezi tinkapalira mzere umodzi, ndipo sindinakufunseni.

Lachisanu m'mawa ndinyamuka kupita ku Nkhamenya, chifukwa zotere sindingamuuze mwana pa foni. Chonde mundiyankhe lisanafike tsikulo, kaya kutulo, kaya pa Misa ya Lachinayi, ine ndimva. Mukangokhala chete nditenga kuti mawu anu akadali omwe aja a kuchipatala. Ndidzawotcha masambawo ndisanakwere galimoto, n'kukamuuza Tadala maso ndi maso kuti ndachita ndine.

Ulendo uno chimene munene ndichita, ndikulonjeza. Ndimakukondani.

Mwana wanu,
Agnesi