Dzanja Langa Likufuna Mutu wa Kachiwala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu, alamu ndi ana onse. Amayi miyendo ija ikuwalola kuyenda? Nanga alamu chifuwa chinatha, kapena akusutabe mobisa kuseri kwa bafa? Kuno ndilipo. Ndingoti ndilipo, chifukwa ndikati ndili bwino mundigwira bodza musanafike pakati pa tsambali.

Musaseke zilembozi. Dzanja lamanzereli likuyesetsa ndithu, koma likalemba zimakhala ngati papalasa nkhuku. Mwina mudabwa kuti bwanji sindinangoimba foni. Foni yanuyo mumaikweza mawu kuti nyumba yonse imve, ndipo mwana wanga Kachiwala amakhala ali pompo, makutu ali tcheru. Nkhaniyi ndi ya inu ndi ine kaye, ndiye muwerenge muli nokha.

Ntchito ndi yomwe ija, kochapira nsalu za m'mahotela. Chichokereni dzanja langa lamanja m'makina ositira aja, anandiika pakhomo polandirira mitolo. Galimoto ikafika ndimayang'ana zikwangwani za pamitolo, n'kuuza anyamata koti akaiponye. Chipinda ndinasamuka, tsopano ndili pamwamba pa sitolo ya zitsulo, ndipo zenera lake limayang'ana khoma. Ndimakhalamo ndi mayi mnzanga wa kuntchito amene tonse timamutcha Wailesi, poti akayamba kulankhula pozimitsira palibe. Ndi munthu wabwino. Ndiye amandimangira zingwe za nsapato ndi kunditsegulira mabotolo. Tsitsi lokha ndinamuletsa, chifukwa atayesa kundiluka ankakoka ngati akuzula udzu. Panopa ndimangolikulunga m'duku, lawirira lokhalokha m'katimo, koma kulimeta ndikukana.

Chimene sindinakuuzeni bwinobwino n'chakuti dzanja lija limandipweteka. Inde, lomwe kulibelo. Bala linapola kalekale, pamene mkono unathera pali salalala, koma kutsogolo kwake, pamene palibe kanthu, ndi pamene pali ululu. Ndimalimva litafumbata zolimba, zikhadabo zitalowa m'chikhatho, ndipo sindingalitambasule poti palibe choti ndigwire. Nthawi zina limayaka, nthawi zina limangofinya tsiku lonse. Adokotala anandiuza kuti si misala, zimachitikira anthu ambiri odulidwa chiwalo. Akuti mutu sunavomerebe kuti dzanjalo linapita.

Anandipatsa mapiritsi. Amathandiza, sindikana, koma amandisiya ndi chizungulire, maso olemera. Kapitawo wathu anandipeza ndikusinza pa mitolo, osati kamodzi. Komaliza anandiitanira pambali, n'kundiuza mwaulemu ndithu kuti anandimvera chisoni mokwanira, akadzandipezanso ndiye kuti basi. Achemwali, mkazi wa dzanja limodzi angakagogode pakhomo liti kufuna ntchito? Usiku umenewo chakudya sichinalowe.

Ndiye kuchipatala ananditumiza kwa namwino wina amene amaona anthu a ululu wosatha. Ife odwala timawatcha Mayi Pumani, chifukwa chilichonse chimene ungadandaule yankho loyamba ndi lakuti pumani kaye. Iwowo ndiwo anandiphunzitsa chinthu chimene dzina lake la kuchipatala n'lalitali, ine ndimangoti kudzigoneka uli maso. Umakhala pampando, n'kuyang'ana malo amodzi pakhoma. Umapuma pang'onopang'ono mpaka mapewa agwe, thupi lilemere, phokoso la panja lipite kutali. Sugona ayi, zonse umamva, ndipo ukafuna kudzuka umadzuka. Uli m'menemo, maganizo amafewa, ndipo zimene ukudziuza thupi limazimvera kuposa nthawi zonse.

Ndikudziwa zimene Amayi anganene atamva. Muwauze kuti si ziwanda, palibe wondilodza, palibe chimene ndikumwa kapena kudzola. Ndine ndemwe, pampando, nditatseka pakamwa, zomwe kwa ine n'zachilendo kale.

Poyamba zinkakanika. Mayi Pumani anati ndiganize kuti dzanjalo ndaliviika m'madzi ozizira. Ndinaliviika, linalowa lofumbata n'kutuluka lofumbata. Anati ndiganize kuti ndikutsegula chitseko. Ngakhale chala chimodzi sichinasunthe. Ndinawauza kuti akunditayitsa nthawi, ndipo ndinatsala pang'ono kusiya kupitako. Iwo sanakwiye. Anangoti dzanja lililonse lili ndi ntchito imene limaikonda, ndifufuze ya langali, ndisalikakamize ntchito za eni.

Tsiku lina masana ndikudikira basi, ndinaona mayi wina atakhala pakhonde la sitolo akuluka kamtsikana. Kanali pakati pa miyendo yake, kakutembenukatembenuka, iye n'kumakabweza mutu ndi chigongono. Ndinangoima n'kumayang'ana. Mwadzidzidzi ndinamva chala changa chamkombaphala, cha dzanja lomwe kulibe lija, chikusuntha chokha. Basi inabwera n'kupita ine ndili chiimire.

Nditafika kuchipinda ndinakhala pampando, n'kuchita monga anandiphunzitsira. Thupi litalemera ndinamuitana Kachiwala m'maganizo, ndipo anabwera, wamng'ono monga ndinamusiyira, ndi kadiresi kake kachikasu kaja. Ndinamukhazika pansi pakati pa maondo anga. Ndinatenga chipeso chofiira chija, chothyoka dzino limodzi, n'kuyamba kulemba mzere kuchokera pachipumi. Mutu umenewo ndimaudziwa, Achemwali. Paliwombo tsitsi lake limazungulira kawiri, ndiye mzere umayenera kukhota pang'ono. Kuseri kwa khutu lamanzere kuli kachipsera kamene anadzitema atagwa patebulo, pamenepo sipamera kanthu, ndimapalambalala. Kunkhongo n'kofewa, ukakoka amalumpha n'kukuwa kuti ndamupha. Ndinagawa patatu, n'kuyamba kupinda. Munthu sungaluke utafumbata. Pofika pa mzere wachiwiri dzanja linali litatambasuka, zikhadabo zitachoka m'chikhatho, ndipo ndinalira ngati mwana.

Sindikuti ululu unatha, ayi. Umabwerera. Koma unkatsika kufika poti ndingagwire ntchito, ndingaseke, ndingamve zimene munthu akunena. Ndinkamuluka m'mawa ndisanatuluke, ndiponso masana pa nthawi yopuma, m'kachipinda kosungira sopo. Adokotala ataona anavomera kuti mapiritsi tichepetse. Kusinza kunatha, ndipo kapitawo anayamba kundipatsa moni.

Wailesi yekha ndiye anandichititsa manyazi. Tsiku lina analowa m'kachipindamo kufuna sopo, n'kundipeza maso ali theka, mkono wodukawu ukugwedezeka wokha m'mwamba. Sanafunse n'komwe. Anakuwa kuti ndakomoka, n'kundikhuthulira ndowa ya madzi otsukira. Ndinadzuka ndili chonyowa, mutu wa mwana nditausiya hafu, ndipo ndinamukalipira mawu amene sindingalembe pano. Panopa akandiona ndikulowa m'menemo amaima pakhomo n'kumauza anthu kuti saluni yatsegulidwa, asasokoneze.

Zinayenda choncho mpaka mwezi watha, pamene munanditumizira chithunzi chija. Sindikukudzudzulani, munachita bwino, ndipo ndikudziwa kuti sukulu yatsopanoyo ndiyo imalamula kumeta. Koma nditatsegula foni mtima unangoti phwii. Ndinaona mtsikana wamtali, khosi lalitali, mutu wometa mpala, ataima pafupi ndi chitseko chanu, ndipo mutu wake wafika pa msomali umene timapachikapo makiyi. Ndinamusiya asakufika n'komwe pa chogwirira. Nkhope ndi yake, koma ndinayang'ana kawiri.

Kuyambira tsiku limenelo saluni yatsekedwa. Ndimakhala pampando, ndimapuma, thupi limalemera bwinobwino. Ndikamuitana wamng'ono uja, amabwera wamkuluyu, mutu uli mbee. Ndimafuna pogwira, palibe. Ndikayesa kukakamiza kadiresi kachikasu kaja, maganizo amandiuza kuti ukunama, mwana ameneyo kulibenso. Pamenepo dzanja limangoti gwa, kufumbata kuposa kale. Ndayesa mutu wa Wailesi, ndayesa wanu, ndayesa wa kamtsikana ka pasitolo kaja, koma silikufuna.

Panopa sindikhazikika. Ndikakhala ndimafuna kuima, ndikaima ndimafuna kuyenda. Lamlungu ndinayenda msewu wathu wonse mpaka kumalo okwerera sitima n'kubwerera, osagula kanthu, osaonana ndi munthu. Mapiritsi ndayambiranso kumwa monga kale. Lachitatu ndinadzidzimuka mutu utagwera pa mtolo, ndipo mwayi wake amene anandigwedeza anali dalaivala, osati kapitawo. Mwayi wotere subwera kawiri. Ndikuopa, Achemwali, ndikuopa kwambiri.

Ndinabwerera kwa Mayi Pumani n'kuwaonetsa chithunzicho. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anandifunsa kuti mutu wometa mayi amautani. Ndinayankha kuti amausambitsa, amaudzoza mafuta, amausisita mwana akamadwala. Anati ndiye ndichite zimenezo. Ndinayesa pomwepo pamaso pawo, koma zinakanika, ndipo chifukwa chake ndinachidziwa ndekha iwo asananene. Mutu wakale uja ndinkaudziwa ndi zala. Watsopanowu ndangouona ndi maso, pagalasi la foni. Sindikudziwa kukula kwake, kulemera kwake, ngati kachipsera kaja kakadali pomwe paja kapena kanatsika. Dzanja langali silidziwa kunamizira.

Ndiye pempho langa ndi limodzi. Sukulu ikatsekera, munditumizire Kachiwala adzakhale nane kuno tchuthi chonse.

Ndikudziwa chimene chili pakati. Paja tinagwirizana, inu, Amayi ndi ine, kuti asauzidwe za dzanjali mpaka atakula, ndipo nthawi imeneyo zinali zoyenera, anali wamng'ono. Koma mtsikana wa pachithunziyo si wamng'ononso. Ulendo watha anandifunsa pafoni chifukwa chimene pazithunzi zimene ndimatumiza ndimangoonetsa nkhope yokha, komanso chifukwa chimene duku silichoka kumutu kwanga. Ndinamuseka n'kusintha nkhani, iye sanaseke nawo. Mwanayo akudziwa kuti pali chimene tikumubisira, ndipo ndikuopa kuti akuganiza zoipa kuposa zenizenizi.

Mumuuze inuyo, poti ndinu mayi ake aakulu, mwamulera, amakumverani. Musachite pamaso pa ana enawo, komanso musayambe ndi kulira monga mumachitira, mungamuopseze. Mungomuuza kuti makina anawapweteka amayi ake, dzanja lamanja linachoka, koma akuyenda, akugwira ntchito, ndipo pakamwa pakadali pomwe paja. Akafuna kulira musiyeni alire. Akandikwiyira chifukwa chomubisira, adzandikwiyire kuno maso ndi maso, ndidzapirira.

Ngati achita mantha kubwera, musamukakamize. Koma mumuuze kuti kuno kuli ntchito yomudikira. Munandiuza kuti masiku ano ndiye amaluka ang'ono ake onse pakhomopo, ndipo mizere yake imawongoka kuposa yanu. Ine tsitsi langa lakhala m'duku chichokereni dzanjali, palibe analigwira bwino. Abwere ndi chipeso chofiira chija ngati chikadalipo. Ndidzakhala pansi pakati pa maondo ake, andiluke mmene angafunire, ndipo sindidzalumpha monga ankachitira iye. Akadzamaliza, andilole ndiike lamanzereli pamutu pake, ndiuyendere wonse pang'onopang'ono, kuchokera pachipumi mpaka kunkhongo. Lamanja lomwe kulibelo lidzaphunzirira kwa linzake.

Malo ogona alipo. Wailesi wanena kale kuti adzapita kwa mlongo wake, ngakhale ndikukayika ngati adzapitedi, chifukwa wayamba kale kukonzekera zomufunsa mwanayo. Za ulendo tidzakambirana pafoni mukamaliza kumuuza. Chonde musachedwe kundiyankha, poti kapitawo maso ake ali pa ine ndipo sindikudziwa kuti ndingapirire mpaka liti.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze azikweza miyendo pampando asamangoyendayenda. Moni kwa alamu, ndi kuwauza kuti za fodya ndazimva. Moni kwa achimwene ndi akazi awo, kwa azakhali, kwa amalume ngati akukumbukirabe kuti ali ndi mphwawo kutali kuno, ndi kwa tiana tonse ta pakhomopo.

Kachiwala yekha musamupatsire moni. Ndikufuna ndidzamupatse ndekha, ndi dzanja limene latsalali.

Ndine mng'ono wanu,
Make Kachiwala