Musawauze Kuti Aonda

Bairro 25 de Setembro,
Moatize.

Okondedwa alamu anga a Leopoldina,

Ndayamba ndi kufunsa za moyo wanu kumeneko ku Zóbuè. Amayi mwendo uja ukuwavutabe? Nanga ana? Kuno ana ali bwino, kungoti fumbi la malasha silitileka. Chovala choyera ukachiyanika m'mawa, madzulo umachianula chili bii.

Za achimwene anu a Valentim, chaka chatha ndinakuuzani pa foni kuti anagwa kuntchito chifukwa cha kutentha. Ndinanama, alamu. Zoona zake zikundikanika pakamwa, n'chifukwa chake ndalemba.

Mukukumbukira mmene analili pobwera kuno, woonda ngati mpini wa khasu. Atapeza ntchito yoyendetsa chigalimoto kumgodi, ine ndinalumbira kuti mwamuna wanga azioneka kuti ali pantchito. M'mawa mazira okazinga, masana nkhuku ndi mbatata zokazinga, madzulo nkhumba yonona. Mafuta ndinkathira osayang'ana, kaludo wokometsera ndiwo uja awiri mumphika umodzi, mchere pamwamba, chakumwa chotsekemera pambali. Mimba yawo itatuluka, inu nomwe munati m'banja mwanu mwalowa mkazi wodziwa kusunga mwamuna, amayi n'kululutira. Ndinanyada, sindibisa.

Nyemba ndi mfutso zomwe amayi ankatitumizira pa shapa, minibasi zathu zija, ndinkagawira anthu. Ndinkati chakudya chimenecho tinadya chokwanira tili ku Malawi kothawa nkhondo. Ndikulemba izi manyazi atandigwira.

Atagwa muja, dotolo anati tensau, kuthamanga kwa magazi kuja, yakwera kwambiri, ndipo mafuta ayamba kutseka mitsempha ya mtima. Anandifunsa zomwe amadya, ine n'kumatchula mokweza mawu ngati andipatsa mphoto. Ndinazindikira nditaona namwino akupukusa mutu. Dotoloyo anati tichepetse mchere, mafuta, nyama yonona ndi zotsekemera, azidya nyemba, masamba, nsomba yowiritsa ndi zipatso, mankhwala osadumphitsa. Anatinso akadzagwa kachiwiri mwina sadzadzuka.

Ndinamvera. Thupi linatsika, phuma linachepa, munthu n'kumafika kumsika wapansi osaima panjira.

Koma pampopi amayi anzanga anayamba kunong'ona. Ena ankati mnyumba mwathu mwalowa matenda aja, ena ankati ndikumana mwamuna chakudya. Tsiku lina a Cândida oyandikana nafe anandifunsa pagulu ngati mafuta anatha m'masitolo onse a Moatize, anthu n'kufa nazo kuseka. Ndinatula ndowa, ndinapita kukagula nkhumba, n'kuikazinga chitseko chili chotsekula kuti fungo lifike kwa onse.

Achimwene anu anayang'ana mbale, n'kundiyang'ana ine, kenako anafunsa ngati dotolo wasintha mawu. Ndinawayankha kuti pang'ono sipapha munthu. Anadya, chifukwa amandikhulupirira. Pang'onopo panakhala pa tsiku ndi tsiku, mpaka masaya anabwerera ndipo pampopi panakhala bata.

Sabata yatha tili m'tchalitchi anagwira pachifuwa, thukuta lili kamukamu, mawu osatuluka. Tinathamangira nawo kuchipatala ku Tete. Mulungu anatichitira chifundo, atuluka, ngakhale thupi latsikanso kwambiri. Koma dotolo atafunsa ngati tinatsata zomwe anatiuza, iwo anafulumira kuyankha kuti ndi iwowo amene ankadya mobisa kuntchito, mkazi wawo sakudziwa kanthu. Dotolo anawakalipira ngati mwana, ine ndili pambali, maso pansi. Mpaka lero a Valentim sanandifunse ngakhale liwu limodzi, ndipo zimenezo zikundipweteka kuposa akanandimenya.

Tsopano pempho langa ndi ili. Kuntchito awapatsa tchuthi, ndipo akubwera kwanuko kudzapuma. Amayi ndimawadziwa. Akangowaona adzalira kuti mwana wawo watha, nkhumba idzaphedwa tsiku lomwelo, ndipo a Valentim sangakankhe mbale ya mayi awo. Adzadya, alamu, ngati mmene anadyera yanga.

Chonde pitani kwa amayi iwo asanafike. Muwawerengere kalatayi yonse, osadumpha ngakhale za nyemba zija. Akafuna kundida andide, akafuna kundiitanira ankhoswe ndibwera ndidzagwade, koma nkhumbayo ikhale m'khola. Achimwene anuwo muwaphikire zakumunda, mchere wongotsina.

Inunso ndi pakamwa panu paja, ndimakudziwani, simulola munthu kudutsa osamuseka. Ulendo uno mudzigwire. A Valentim akatsika shapa muona malaya akuwakhuthukira, lamba ataboola bowo latsopano. Mudzawalandire chikwama, mudzawayang'ane kumaso, n'kuwauza kuti akuoneka bwino. Akamva kwa inu adzakhulupirira.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa bambo a kunyumba ndi ana onse. Ambuye akusungeni, ndipo mutikumbukire m'mapemphero.

Ndine mlamu wanu,
Ilda