Mphini za pa Tsaya Lamanja

Amayi, kumeneko mwadzuka bwanji? Kodi nako kumatentha ngati kuno kwa Mlolo, kapena mukupumako?

Ife tilipo. Mapira chaka chino achita bwino, ngakhale mbalame zatengapo gawo lawo. Mpongozi wanu, mkazi wa Fatsani, wachira. Ndi mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Liwuma lake, ngati eni dzina.

Ine ndikuphunzira ntchito pa boma, m'kashopu kojambula zithunzi. Timakonza zithunzi pa kompyuta ndi kupanga masamba a pa intaneti. Tsambalo lili ngati khoma lomatapo uthenga, kungoti aliyense amaliona pa foni yake. Ndikupangira amayi a gulu lanu la kudimba tsamba lawo, kuti ogula mbatata ndi nyemba aziwapeza. Poyamba ndinalikongoletsa zedi, zilembo zachikasu zopindikapindika pamwamba pa maluwa ofiira. Mng'ono wanu, amayi anga aang'ono, a Esinta, anangoyang'ana kamodzi n'kunena kuti maso akuwawa. Ndinakumbukira mawu anu aja, akuti chitenje chamaluwa sachivalira bulauzi yamaluwa. Pano zilembo ndi zazikulu, zakuda pa zoyera, mizere ifupiifupi, zithunzi zopepuka kuti zizitseguka ngakhale netiweki ikuvuta.

Koma nkhani yanga ndi iyi. Amayi a gulu aja akufuna chithunzi chanu pamwamba pa tsambalo, poti gulu munayambitsa ndinu. Chilipo chimodzi chokha, chija munajambulitsa ku Marka, ndipo madzi osefukira aja anachinyowetsa chili m'sutikesi. Ndinachilowetsa mu kompyuta, ndinawonjezera kuwala, ndinabwezeretsa mtundu wa duku. Pothimbirira ndinkatapa khungu labwino pambali n'kumatapo, ngati kuzira nyumba. Pali kabatani kena kosalaza nkhope. Ndinakadina, nkhope inasalala, ine n'kumadzitama.

A Esinta atachiona anafunsa kuti mtsikana ameneyu ndi wa kwa yani. Amayi, ndinachita mantha. Kompyuta inayesa kuti mphini zanu za m'masaya ndi zothimbirira za madzi, n'kuzichotsa. Nditabwerera ku chithunzi choyambirira ndinapeza kuti za kumanzere zikuoneka, koma tsaya lamanja madzi anadyeratu. Ndinatsinzina kuti ndizikumbukire, ayi ndithu. Zinkatsika kapena zinkapingasa? Zinkafanana ndi za kumanzere? Ndinakulira pafupi ndi tsaya limenelo koma sindinaliyang'anitsitsepo. Ndinaopa kuti mdzukulu wanu adzakula akudziwa nkhope ya munthu wina.

Ndi pomwe a Esinta anaulula kuti awirinu anakutemani mphini tsiku limodzi, wotema wakenso mmodzi, ndipo akuti inu munalira kuposa iwo. Kodi n'zoona? Simunatiuzepo zimenezi! Ndinawakhazika pamthunzi kuti dzuwa lisawalitse khungu, ndinajambula tsaya lawo, n'kutapa mphinizo imodziimodzi kuziika pa lanu. Kenako ndinazizimiritsa pang'ono kuti zigwirizane ndi ukale wa chithunzicho.

Dzulo ndinawaonetsanso. Anagwira foni ndi manja awiri, kenako anati, "Achemwali, mwafika?"

Ndiye ndifunse, amayi: tsaya limeneli ndi lanu kapena la mng'ono wanu? Abwana anga amati kukonza chithunzi kumathera pomwe bodza layambira, ndipo sindikudziwa ngati ndadumpha malire. Ngati ndalakwitsa, mubwere kutulo mudzandilozere, koma mutembenukire mbali yomwe ndikufunayo.

Kamwanako kakadzakula ndidzakauza zonse, kuti theka la nkhope ya agogo ake tinachita kubwereka. Ndipo ndikulonjeza kuti kabatani kosalaza kaja sindidzakadinanso pa nkhope ya munthu wa kwathu.

Ndine mwana wanu wokukondani ndi wokusowani,
Malita