Kawalala wa Singano ndi Ulusi

Lachinayi, Ogasiti, Matero. Tsiku la fumbi, mtima wosakhazikika.

Ndili kusukulu ndinkakonda kabuku kakale konena za munthu wothamangitsidwa ngati nyama. Ndinkaganiza kuti othamangitsawo alibe nkhope. Lero ndaziona.

Pa siteshoni ya minibasi, ba Tembo, oimbitsa kwaya kwathu, anakuwa kuti "Kawalala! Wakuba!" akuloza Jere wosoka nsapato. Anthu anamuthamangitsa n'kumugwetsa ndi miyala. M'matumba mwake munali singano ndi ulusi basi. Ali kuchipatala. Komatu awiriwa anakangana sabata yatha za malire a poloti.

Madzulo ba Tembo anaima pageti, akumwetulira. "Ba neba, simunaone vilivonse, ai?"

Ndinati magalasi ndinawaiwala kunyumba. Ndinayankha choncho magalasiwo ali pamphuno.

Mkazi wa Jere akufuna mboni mawa, ndipo ine...